Puloti ya pa Katope

Madzi analowa m'nyumba ya a Madamu Marjory Kalilangwe Lachiwiri masana, ndipo sanachite n'kuodira komwe. Analowera khomo la kukhitchini, anazungulira pabalaza, ananyamula mkeka ndi nsapato zopitira kutchalitchi, kenaka n'kutulukira khomo la kumaso ngati mlendo wozolowera pakhomo. Akanakhala madzi oyera bwenzi tikuti ndi mvula ya Mulungu. Koma awa anali ofiira, onunkha dizilo, odzaza majumbo, makoko a nthochi ndi zitsononkho za chimanga chootcha. Zonsezi zinkachokera ku depoti ya maminibasi.

Depotiyo anamanga ndi a khonsolo chaka chomwecho cha 2022, kumtunda kwa puloti ya a Madamu, kumapeto kwa tauni ya Mzimba. Kale pamalopo panali tchire, misuku ndi chulu chachikulu, ndipo mvula ikagwa inkamwerera pansi popanda wodandaula. Kenaka kunabwera chigiredala n'kusalaza zonse. Anathira simenti kuyambira uko mpaka uko, anakhoma mashedi a malata, madzi onse a pamalata ndi a pasimenti n'kuwasonkhanitsira m'ngalande imodzi. Nanga ngalandeyo inakathera kuti? Ha! Inakathera pampanda wa mayi wamasiye, mphunzitsi wopuma pantchito. Kaya wojambula mapulaniwo pensulo inamuthera pomwepo, kaya anamuitana kukadya, ine sindidziwa.

Tsono oyandikana nawo anadabwa tsiku limenelo. Munthu madzi akamakulowera m'nyumba umathamangira matiresi, thumba la ufa, mapepala a penshoni. A Madamu ayi. Anatuluka chosavala nsapato, mvula ikuwamenya, n'kuthamangira kuseri kwa nyumba kumene kunali mtengo wa katope. Madzi anali atayamba kukumba chigwembe kuchokera pampanda kulunjika kumtengoko. Iwo anayeza ndi mapazi kuyambira pamene chigwembecho chinalekezera kukafika patsinde, n'kupeza mapazi khumi ndi anayi. Anaima pomwepo atagwira mtengowo mpaka mvula inakata.

Muyenera kudziwa chimene chinawathamangitsira kumeneko, chifukwa mukapanda kudziwa mungawayese munthu wozungulira mutu, monga anawayesera ena.

Iwo kwawo ndi ku Dedza. Ku Mzimba anabwera kutsatira amuna awo, a Bestone, amene anali apolisi. Anakhala m'banja zaka zisanu ndi chimodzi opanda mphatso, ndipo inu mukudziwa mmene malilime a anthu amatalikira pa nkhani imeneyi. Pathupi panadzaoneka mu 1995. A Madamu anasoka timalaya, analuka tizipewa, ndipo dzina anali atasankha kalekale. Analimva poitana mayina m'kalasi tsiku lawo loyamba kuphunzitsa kumpoto kuno, n'kulisunga mumtima: Towera. Koma mu Febuluwale mwanayo anabadwa osalira. Namwino anangowanong'oneza kuti anali wamkazi.

Mwana wotero amati nthayo, ndipo mwambo wake ndi wouma, kaya ndi ku Dedza kaya ndi ku Mzimba. Salira maliro, sapereka dzina, sakhoma bokosi. Amuna sapitako, ngakhale mayi wake yemwe sapitako. Amayi achikulire amangomukulunga m'kansalu n'kukakumba kadzenje kosaya kutchire, poti amati ukakumba mozama watseka mimba ya mayiyo. Amene anatsogolera amayiwo anali a Phoebe NyaChisi, mayi wa Umanyano, bungwe la amayi kutchalitchi kwawo, mkazi wa mesenjala wa paboma. Iwowa ankawatenga a Madamu ngati mng'ono wawo. Atabwerako kutchireko anawapeza akusisima, nkhope italoza kukhoma.

"Yayi, mama, musalire," anatero a NyaChisi m'Chichewa chawo chopendekera ku Chitumbuka. "Mukalira, mbwenu mwathamangitsa amene akubwera m'mbuyo. Mezani misozi."

A Madamu anameza. Koma patapita masabata atatu anawagwira mkono a NyaChisi pochokera kutchalitchi, n'kuwachonderera kuti angowalozera chabe, sadzauza munthu. A NyaChisi anakana, anakananso, kenaka atatopa anakweza chala n'kuloza kumunsi, m'mphepete mwa dambo. "Pa katope apo," anatero.

Amene ankati akubwera m'mbuyo aja sanabwere. Kadzenje kanali kosaya, misozi inamezedwa, koma mimba sinatsegukenso. Ndiye mu 2003 a khonsolo atayamba kudula mapuloti kumeneko, anthu akulimbirana a kumtunda, a Madamu anasankha ya kumunsi kwenikweni, imene munali katope uja. A Bestone anakalipa. "Anzathu akukwera kumtunda, iwe ukufuna tikawete achule?" Akazi awo anangoti amakonda mthunzi. Nyumba inamangidwa. A Bestone anamwalira mu 2011 osadziwa kanthu, n'kukaikidwa kwawo, ndipo achibale anayesetsa kuwakoka a Madamu kuti abwerere. Kumpoto mwatsalira chiyani, mwana mulibe, mwamuna mulibe? Iwo ankati akudikira penshoni. Penshoni itabwera ankati akudikira mvula ithe.

M'mawa uliwonse ankasesa pansi pa katope. Anadzalapo maluwa, anaikapo kabenchi, ndipo makope a ana ankachongera pomwepo. Zaka za mwanayo ankaziwerenga osaphonya. Chaka chimene Towera akanayamba sukulu iwo anapempha ahedi kuti awapatse sitandade wani. Chaka chimene akanalemba mayeso a fomu folo anasala kudya sabata yonse ya mayesowo. Madzulo ankakhala pakabenchipo n'kumamuuza motsitsa mawu za tsikulo, kuti sopo wakwera mtengo, kuti uje wakwatiwa, kuti bondo lawayambanso.

Tsono mwaona. Chigwembe chija chinkalunjika pamenepo, ndipo kadzenje kaja kanali kosaya.

A Madamu analemba kalata yoyamba, ya zilembo zoongoka zimene anaphunzitsa ana zaka makumi atatu, n'kukaipereka okha ku ofesi ya khonsolo. Anauzidwa kuti bwana ali kumsonkhano ku Mzuzu. Atapereka yachiwiri anauzidwa kuti amene amasunga fayelo ali patchuthi. Ulendo wachitatu mlembi wa pakhomo, munthu amene iwo omwe anamuphunzitsa kugwira pensulo, anangoti "Madamu, bwerani mawa," maso ali pafoni. Koma abale, mawa la ku ofesi limeneli alipo amene analionapo? Khansala anabwera ndithu, anapukusa mutu, anajambulitsa chithunzi ataima pachigwembe, basi n'kukwera galimoto yake.

Paja amati mvula ikakuona litsiro sikata. Pofika Khirisimasi mapazi aja anatsala khumi ndi limodzi. Pakati pa Januwale anatsala asanu ndi atatu. A Madamu ankadzaza mchenga m'matumba a feteleza, kuwakoka okha ndi bondo lawolo n'kuwasanja pampanda, koma mvula imodzi yokha inkawamwaza onse. Khoma la kukhitchini linang'aluka kuchokera pawindo mpaka pansi. Iwo analiyang'ana kamodzi n'kubwerera kukayeza mapazi.

Kenaka kunabwera a Cedric Shaba, mkulu wa zomangamanga kukhonsoloko, atavala majombo, tepi yoyezera ili m'manja. Tisawanamizire, a Shaba sanali munthu woipa. Anavula chipewa polonjera, anayenda m'matopemo mpaka kudambo, n'kubwerera akupuma mwabefu.

"Mama, ndinene zoona," anatero. "Puloti yanu ili panjira ya madzi. Paja madzi saiwala khwawa."

"Zaka makumi awiri ndakhala pano, bambo Shaba, madziwo anali ataiwala. Mwawakumbutsa ndinu ndi simenti yanuyo."

A Shaba anaseka mwamanyazi, kenaka anatambasula pepala. Anati ngalande aipitiriza, idutse molunjika kuseri kwa nyumbayo mpaka kudambo. Mtengowo udulidwa chifukwa uli pakati penipeni pa njirayo. Ndipo poti malo a a Madamu achepa, khonsolo iwapatsa puloti ina kumtunda, pafupi ndi msewu wa tala, pamodzi ndi njerwa ndi malata.

A Madamu anakana kwa mtu wa galu. "Bwanji osaikhotetsa ngalandeyo, itsate msewu?"

"Imeneyo ndi njira yaitali katatu, mama. Komiti singalole popanda chifukwa chachikulu. Pakanakhala mjigo wa anthu, kapena manda, bwenzi tikukamba zina. Koma mtengo? Katope ali mbwee m'dambo monsemu."

Mawu akuti manda anawalasa a Madamu pamtima, koma pakamwa panakana kutseguka. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri munthu usanatchulepo chinthu, lilime limaiwala potulukira. Komanso nthayo ali ndi manda? Anawauza kale kuti si munthu, ndi madzi chabe amene anatayika. Anangoti, "Mtengo wanga sudulidwa." A Shaba anapinda pepala lawo n'kumapita.

Apa ndiye oyandikana nawo anatopa nawo. Madziwo sankasankha, ankasefukira ndi m'makomo mwa ena. Mayi Cecilia, namwino wochokera ku Zomba amene chimbudzi chawo chinali chitatitimira, anabwera ali pamoto. "Madamu, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Landirani pulotiyo! Tonsefe tizimira chifukwa cha mtengo wanu?" Ena sankalankhula pamaso. Pamjigo panamveka zoti pansi pa katopeyo anakwirirapo zizimba, n'chifukwa chake mayiyo amalankhula yekha pamenepo madzulo. Ana amene ankabwera kudzatola zipatso za katope analetsedwa. Zimenezi zinawapweteka a Madamu koposa khoma long'aluka lija.

Sabata yoyamba ya Febuluwale kunagwa chimvula cha masiku awiri. Chitakata, a Madamu anapeza maluwa a mbali imodzi atapita, muzu wa katope uli pamtunda, woyera ngati fupa. Anayeza, n'kupeza mapazi anayi. Anakhala pansi m'matopemo. Kenaka anadzuka, anasamba, anavala chitenje cha kutchalitchi n'kulunjika ku ofesi. Mlembi uja atayamba za mawa, iwo anangomudutsa, analowa mwa a Shaba n'kutseka chitseko.

"Munati pakanakhala manda," anatero ataimirira. "Alipo. Pansi pa katope pali mwana wanga."

A Shaba anavula magalasi. Anawakokera mpando, ndipo anamvetsera nkhani yonse osawadula.

"Phepani chomene, mama. Mukananena kale. Ife kuno manda sitisewera nawo." Anatulutsa fomu. "Dzina la malemu?"

A Madamu anayang'ana kamzere kopanda kanthu pafomupo. Dzinalo linafika pakhosi n'kubwerera. "Anali nthayo, bambo. Sapatsidwa dzina."

A Shaba anasiya mzerewo. Anati poti palibe chiliza kapena mtumbira, komiti idzafuna mboni, munthu mmodzi amene analipo tsiku loika, adzaloze malowo pamaso pa anthu. Akatero ngalande itsata msewu, ndipo iwo eni adzaonetsetsa.

Mwa amayi anayi amene anapita kutchire tsiku lija, atatu anali atatsikira kulichete. Wotsala anali a NyaChisi okha, amene anasamuka mu 1999 amuna awo atamwalira, kupita kumudzi cha ku Manyamula. Mapuloti aja asanadulidwe n'komwe iwo anali atachoka, ndipo chichokereni awiriwa sanaonanenso. M'mawa mwake a Madamu anakwera njinga yamoto ya kabaza. Msewu unali phala lokhalokha, kawiri anachita kutsika n'kuyenda wapansi, koma mtima unali utapepuka. Kwa nthawi yoyamba anali atauzako munthu chinsinsi chawo, a Shaba aja, ndipo dziko silinagwe.

A NyaChisi anawapeza m'chigafa akusoka fodya, atakalamba, msana utapindika, koma maso ali akuthwa. Anayang'anitsitsa mlendoyo, kenaka anakuwa. "Madamu! Chiuta wane, ndimwe?" Anakumbatirana, anaseka, anafunsana za amoyo ndi za akufa. Nkhuku inathamangitsidwa. A Madamu anadikira mpaka onse a pakhomo atapatuka, ndipo anayamba nkhani yawo mokondwa ngati mwana wobwera ndi lipoti labwino.

"Malo aja ndinagula, amama. Ndinamanga pomwepo. Zaka makumi awiri ndakhala naye."

"Malo ati?"

"Pa katope paja munandilozera."

Singano yosokera fodya inagwa m'manja mwa a NyaChisi. Anaitola, inagwanso. A Madamu anayesa kuti ndi ukalamba, n'kupitiriza kufotokoza za depoti, za chigwembe, za mapazi anayi, za mboni imene komiti ikufuna.

"Ndapota, mama, ine miyendo yanga yatha," anatero a NyaChisi maso ali pansi. "Sindingafike kuboma."

"Ndikuberekani kumsana ngati n'kofunika. Mulipo ndinu nokha, amama. Mukakana, madzi amutenga."

Pamapeto pake a NyaChisi anati apita, koma nkhuku ija sanaidye.

Lachisanu m'mawa a Shaba anafika ndi anthu atatu a komiti. Oyandikana nawo anadzaza pampanda, poti nkhani inali itawanda kale. Mayi Cecilia analipo, manja ali pakamwa, manyazi atawagwira. A NyaChisi anavala bulauzi yoyera ya Umanyano ndi duku loyera. Anayenda ndi ndodo yawo mpaka pansi pa katope, ndipo anaona zonse: pansi posesedwa bwino mpaka dothi kuchita kusalala, maluwa otsala, kabenchi kakutha pakati chifukwa chokhalidwa, matumba a mchenga osanjidwa mozungulira tsinde.

"Agogo," anatero a Shaba mwaulemu, cholembera chili pafomu, "tiuzeni. Ndi pano?"

Liwu limodzi lokha likanakwana. A NyaChisi akanati inde, ngalande ikanatsata msewu, a Madamu akanafera pakabenchi kawo ali okhutira, ndipo palibe akanadziwa. Ine mpaka lero sindidziwa ngati ndiwayamikire kapena ndiwakwiyire mayi amenewa. Sanayang'ane a Shaba, anatembenukira kwa a Madamu.

"Mama, ndinanama kamodzi, ndipo taonani chimene bodza langa lamanga. Sindinamanso. Mwana sali pano."

A Madamu anamwetulira ngati munthu amene sanamve bwino. "Amama, mwaiwala. Ndi katope yemweyu. Munaloza ndi chala chanu."

"Ndinaloza dala kolakwika. Akuluakulu amati mayi akaponda pamene pagona nthayo, mbwenu sadzaberekanso. Ine ndinaona maso anu tsiku lija, ndinadziwa kuti mupita. Ndinati ndiloze kutali, mukalire pamtengo wopanda kanthu, mimba yanu ipulumuke. Ndimati mubereka ena, muiwala. Sindinadziwe kuti mudzamanga nyumba, mama. Sindinadziwe."

A Madamu anayang'ana pansi pamene anasesa m'mawa womwewo, mizere ya tsache ikuonekabe. Mawu awo anatuluka aang'ono.

"Nanga ali kuti?"

A NyaChisi anatembenuka n'kuyamba kukwera, akutsata chigwembe chija. Anatuluka pampanda pamene madzi anaboola, anatsata ngalande ya khonsolo, pang'onopang'ono, ndodo ikugogoda pasimenti. A Madamu ankabwera pambuyo pawo, kenaka a Shaba ndi komiti yawo, kenaka anthu onse. Anakafika m'depoti, pakati pa utsi ndi mahutala. Kumeneko kunali mwala waukulu umene chigiredala chinaulephera, ndipo pamwalapo anali atalembapo ndi penti kuti Jenda, Kasungu. A NyaChisi anaugwira mwalawo, anayang'ana kumene kumatulukira dzuwa, n'kuyenda mapazi asanu ndi limodzi.

"Chulu chinali apa. Tinamugoneka m'mbali mwake, mutu kuloza uko."

Ndodo yawo inaloza simenti yodontha oyilo, pafupi ndi tayala la minibasi imene inkadikira anthu. Kondakitala ankamenya chitseko akukuwa, "Jenda! Jenda! Mmodzi yekha!" Poteropo ndi pamene ngalande ija inkayambira.

A Madamu anagwada. Anayala manja onse awiri pasimentipo, anasisita ngati akufuna pogwira kuti atsegule, koma simenti ilibe pogwira. Chigiredala chija iwo anachiona ndi maso awo chikugumula chulu chimenechi. Anaima pampanda wawo tsiku limenelo, akuthokoza Mulungu kuti chikugwira ntchito kutali ndi katope. Atakumbukira zimenezo, chinthu chimene anameza mu 1996 chinabwerera chonse.

"Mayo ine! Mwana wanga ine! Mayo!"

Kulira kwake kunali kwa maliro enieni, kumene kumaimitsa munthu ali panjinga. Kondakitala uja anasiya kukuwa. A NyaChisi anaponya ndodo, anadzigwetsa pansi pambali pawo n'kuwakumbatira.

"Lirani, mama. Ndine ndinakuletsani. Lirani!"

Paja maliro n'kulirana. Amayi ogulitsa nthochi ndi chimanga chootcha anavundikira malichero awo, anamanga zitenje m'chiuno n'kubwera kudzakhala pasimentipo, osadziwa n'komwe kuti wamwalira ndani. Mayi Cecilia anakhala nawo, misozi ili chuchuchu. Dalaivala anazimitsa injini. Amuna anavula zipewa n'kuima chapatali, a Shaba ali pakati pawo, fomu yawo itapindika m'manja. Wina anayambitsa nyimbo ya Chitumbuka ya pamaliro, ndipo inagwira depoti yonse.

Nyimbo itatha, mayi wina wogulitsa tomato anasendera pafupi n'kufunsa monong'ona, "Phepani, mama. Watisiya ndani?"

A Madamu anadzutsa mutu. "Towera," anatero, ndipo aka kanali koyamba kulitchula dzinalo pamaso pa munthu. "Mwana wanga Towera."

"Anali wamkulu?"

"Mwezi uno akanakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri."

A Shaba anatambasula fomu ija pabondo n'kulemba dzinalo pamzere umene unatsala. Fomuyo sinathandize kanthu, ndipo iwo ankadziwa. Papuloti ya a Madamu panalibe manda, ndiye komiti inalibe chifukwa chokhotetsera ngalande. Za kuswa simenti ya depoti anakambirana kawiri, koma amene anayendetsa chigiredala ananena kuti dothi la chulu chija analimwaza ponseponse posalaza malowo. Mukanakumba pati?

Mvula itatha, mu Epulo, anadula katope. A Madamu anasaina mapepala onse osawerenga, ndipo tsiku lodula mtengowo sanatuluke m'nyumba. Puloti ya kumtunda ija anaikana ndithu, anati ili kutali ndi depoti. Achibale a ku Dedza anaimbanso foni kuti tsopano palibe chowatsaliritsa kumpoto, iwo anangoti amva. Ngalande inadutsa, madzi anasiya kulowa m'makomo, ndipo anthu anayamika a khonsolo.

Mukadzafika m'depotimo m'mawa, dzuwa litangotuluka, mudzapeza mayi wachikulire wovala bwino akusesa kachigawo kamodzi ka simenti pafupi ndi mwala wolembedwa Jenda. Osesa a khonsolo amapalambalala pamenepo, amadziwa kuti pali mwini wake. Madalaivala akale nawonso amaimika galimoto chapatali. Koma nthawi zina pamabwera wachilendo, wa ku Kasungu kapena ku Mzuzu, n'kuimika minibasi yake pomwepo. A Madamu sakalipa. Amagogoda pawindo ndi chala, tsache lili kukhwapa, n'kudikira kuti atsitse galasi.

"Pepani bambo, tasunthani pang'ono galimotoyi. Mwaponda mwana."